Galimoto Yaing'ono Yothamanga ndi Msewu wa Midima

Chiyambire chaka cha 2006, pamene msewu wa Midima unatsegulidwa utakonzedwa ndi kupatsidwa dzina la Robert Mugabe Highway, ulendo wochoka ku Limbe kupita ku Mulanje unasanduka waufupi. Msewuwu m'malo ena ngwowongoka kotero kuti woyendetsa galimoto amanyengeka kuponda moto. Komatu msewu womwewo umadutsa pakati pa Nkando, pamene tsiku la msika anthu amasefukira mpaka pa phula. Pamenepo pamakhala amayi osenza madengu, ana a sukulu, anyamata a kabaza, njinga zamoto ndiponso maminibasi oima paliponse pamene wokwera wakweza mkono.

Masiku ano sichachilendo kuti mnyamata amene wapindula pa malonda a nandolo, kapena wobwera ku Joni ndi kangachepe, agule galimoto yaing'ono yogwirapo kale ntchito ku Japan, imene imatsikira pa doko la Dar es Salaam. Ambiri amayamba ndi Toyota Vitz, Toyota Passo kapena Nissan March. Pakapita chaka, mtima umayamba kunong'oneza kuti galimotoyo njaulesi pa mtunda ndiponso pojumpha lole. Apa mpamene pamabuka funso lakuti agule ina yamphamvu kapena asinthe yomweyo.

Galimoto yaing'ono yothamanga inatchuka kwambiri m'chaka cha 1976, pamene kampani ya Volkswagen ku Germany inatulutsa Golf GTI, ya injini ya malita 1.6 ndi mphamvu ya mahosipawa 110. Nzeru yake inali yakuti thupi lopepuka likapatsidwa injini yokulirapo limathamanga ngati galimoto zikuluzikulu za anthu olemera. Makampani a ku Japan anatsata njira yomweyo. Vitz wamba ya lita imodzi ili ndi mahosipawa pafupifupi 70, pamene Vitz RS ya malita 1.5 ili ndi pafupifupi 110. Suzuki Swift Sport imene inatuluka mu 2017 ili ndi injini ya malita 1.4 ya turbo, ndipo mphamvu yake imafika 140.

Chofunika kuchizindikira nchakuti opanga galimoto zoterezi sakuza injini yokha ayi. Amaikanso mabuleki akuluakulu, mashokapu olimba ndi matayala otambalala, chifukwa galimoto imene ithamanga msanga iyeneranso kuima msanga. Motero munthu amene ali nazo ndalama amachita bwino kugula galimoto imene inapangidwira liwiro ku fakitale, kusiyana ndi kuumiriza Vitz wamba kuti isanduke chimene sinabadwire. Koma ayambe wawerengera mtengo wonse. Msonkho wa MRA umakwera molingana ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo zipangizo za mitundu yosowa sizipezeka msanga ngakhale ku Limbe. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chitsulo chilichonse choitanitsa kunja chinakwera mtengo.

Amene sangathe kugula ina amathamangira kwa amakaniko. Choyamba chimene ambiri amapempha ndicho kuchotsa sayilensa kapena kuika ekizozi yaikulu kukamwa. Galimoto imalira ndithu mpaka agalu a m'midzi kuuwa, koma pa injini yaing'ono yopanda turbo mphamvu yowonjezereka njochepa zedi, ndipo nthawi zina imatsika kumene. Chimenechi nchikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amadula masipuling'i kuti galimoto itsike pansi ndi kuoneka yaukali. Zotsatira zake nzakuti imagunda mimba pa hampu iliyonse, mashokapu amafa msanga, ndipo ikapatukira m'msewu wafumbi wopita kumudzi nyengo ya dzinja, beseni la oyilo la pansi pa injini limatha kubooka ndi mwala.

Palinso kusintha malamulo a kakompyuta kamene kamayendetsa injini. Pa injini ya turbo njira imeneyi imawonjezeradi mphamvu, popeza imalola mpweya ndi petulo wochuluka kulowa m'masilinda. Vuto nlakuti malamulo otere kawirikawiri amalembedwera petulo wapamwamba wa maiko ena, pamene mapampu ambiri muno amagulitsa mtundu umodzi wokha, wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Injini yopanikizidwa kuposa mmene petulo wake angapiririre imayamba kugogoda ndi kutentha, ndipo mapisitoni amatha kusweka. Enanso amafuna kuchotsa chotchinga chimene galimoto za ku Japan zimabwera nacho, choletsa kupyola makilomita 180 pa ola. Pakati pa Limbe ndi Muloza palibe malo amene munthu wanzeru angafikitse liwiro limenelo.

Masamu a liwiro ngosavuta, ndipo mwana wa Fomu 3 angawachite pa bolodi. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, imene ndiyo nthawi imene woyendetsa watcheru amataya asanaponde buleki. Pa phula louma ndi matayala abwino imafunanso mamita ngati 20 kuti iime, ndiye kuti onse pamodzi ndi 37. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wa buleki umawirikiza kanayi. Pa makilomita 120 pa ola, sekondi ija imadya mamita 33 ndipo buleki imafuna ngati 80, kutanthauza mamita oposa 110, kupambana kutalika kwa bwalo la mpira. Mwana amene wathamangira mu msewu pa Nkando, woyendetsa namuona ali pa mamita 40, amapulumuka pa liwiro loyambalo. Pa lachiwirilo galimoto imam'peza buleki itangoyamba kumene kugwira. Ndipo ku Mulanje, kumene mvula ndi chiperoni zimanyowetsa msewu miyezi yambiri, mtunda umenewu umatalikirapo.

Chotero wofuna kukonza galimoto yake ayambire pansi. Matayala ndiwo oyamba. Ambiri ogulitsidwa ogwira kale ntchito ngokalamba, ndipo ena anapangidwira chipale chofewa cha ku Japan, osati phula lotentha la mwezi wa October. M'mbali mwa tayala mumakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Achiwiri ndi mabuleki, pamodzi ndi mafuta ake amene amayamwa chinyezi ndipo amafunika kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Achitatu ndi mashokapu ndi kuwongola miyendo ya galimoto. Pambuyo pake abwere mapulagi atsopano, sefa ya mpweya yoyera ndi oyilo woyenera. Eni galimoto ambiri amadabwa kuona kuti mphamvu imene amaifunafuna inalimo kale, kungoti inabisika ndi kusasamala.

Amene wasintha injini yonse asaiwale kuti nambala yake inalembedwa m'kaundula wa a Road Traffic, ndipo ayenera kukalembetsa kusinthako ndi kudziwitsa a inshuwalansi, kuopa kuti tsiku la ngozi angadzakanidwe chipukuta misozi.

Mphamvu ya injini ili ndi ntchito yake yabwino. Imathandiza kukwera mtunda galimoto itadzaza, ndi kujumpha lole msanga pamalo pooneka bwino. Koma akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Woyendetsa amene wafika pa zikwangwani za Nkando achotse phazi pa moto, pakuti mphindi ziwiri zimene angataye podutsa msika pang'onopang'ono zimapezekanso kutsogolo, pamene mwana wa mnzake akagundidwa sabweranso.