Za Achikulire Othamanga Mpikisano Wautali

Abale athu, tikamalawirira ku Misa kuno ku Kauma, tikumana nawo amuna a imvi alikuthamanga mumsewu wa ku Area 12, thukuta lili kamukamu. Ena awaseka, koma iwo alikukonzekera mpikisano wotchedwa marathon, wa makilomita 42 ndi mamita 195, muyeso umene unayamba ku London m'chaka cha 1908. Kwa othamanga, munthu wa zaka 35 ayesedwa kale wachikulire, napikisana ndi a msinkhu wake. Ndipo imvi siziletsa: Ed Whitlock wa ku Canada anatsiriza ulendo wonsewo maola 3 asanakwane m'chaka cha 2003, ali ndi zaka 72.

Koma taonani, thupi la mkulu silichira msanga monga la mnyamata. Chifukwa chake ayambe wapita kuchipatala, akamuyeze mtima ndi kuthamanga kwa magazi, pakuti nthenda imeneyi ibisala, ndipo igwetsa munthu panjira ana ake akali aang'ono. Akonzekere miyezi inayi. Masiku ambiri athamange mofatsa, kotero kuti akhoza kucheza ndi mnzake osabanika. Apa ndipo alakwa ambiri, pofuna kulingana ndi anyamata. Ulendo wautali ukhale umodzi pa sabata, nautalikitse pang'onopang'ono, m'mawa mwake apume. Masabata awiri otsiriza achepetse ndithu, adye nsima ndi mbatata, agone tulo tokwanira.

Nsapato za pakaunjika zili bwino, koma asazivale koyamba tsiku la mpikisano. Ndipo akamatuluka kuli mdima, amayi a kunyumba adziwe njira imene bambo adzera.