Mpweya Umene Usanduka Feteleza

Magawo 78 pa 100 aliwonse a mpweya umene tipuma ndi nayitirojeni, chakudya chomwecho chimene chimanga chilirira masamba ake akayamba chikasu. Koma ngakhale mphepo ichiwomba usana ndi usiku, chimanga sichikhoza kutapamo kanthu pachokha; nchifukwa chake munthu amanga nayitirojeniyo pamodzi ndi haidirojeni, gawo limodzi kwa magawo atatu, kuti pabadwe amoniya, amene ndiye kholo la feteleza wa Urea.

Pamenepa pali chinthu chimene chinasautsa anzeru zaka zambiri. Amoniya, pamene ali kubadwa, ayambanso kuphwasuka ndi kubwerera kumene anachokera. Poyamba kumangana kuthamanga ndipo kuphwasuka kutsalira m'mbuyo, koma amoniya akamachuluka kuphwasuka nako kukula, kufikira liwiro la ziwirizi lifanana. Ndipo woyeza za m'chotengera chotseka, poona kuti amoniya sachulukanso kapena kuchepa, ayesa kuti ntchito yaleka. Siinaleke ayi. Zili ngati msika dzuwa lili paliwombo, pamene olowa pachipata alingana ndi otuluka: khamu lioneka lomwelo, koma nkhope zisinthika kosaleka.

Mfalansa Henri Le Chatelier ndiye anaulula m'chaka cha 1884 khalidwe la kulingana kotere, kuti ukakusokoneza kupendekera mbali imene ichepetsa chosokonezacho. Popeza magawo anayi a mpweya abala awiri okha a amoniya, kupanikiza kuchulukitsa amoniya. Ndipo popeza kumangana kutulutsa kutentha, kuzizira nako kumkomera. Koma pozizira ntchito iyenda mwaulesi wosapiririka, ndipo wosonkhezera moto kuti ifulumire aphwasula zina zimene wamanga. Walira mvula walira matope.

Fritz Haber, amene anaonetsa njira yake ku Karlsruhe m'dziko la Germany mu 1909, sanafune kugonjetsa lamuloli, ndipo ine ndiyesa kuti nzeru yake yagona pomwepo. Kufikira lero mafakitale atenthetsa mpweyawo pakati pa madigiri 400 ndi 500, naupanikiza pafupifupi ka 200 kuposa mpweya wa panja, naupititsa pa chitsulo chofulumizitsa ntchito chimene Alwin Mittasch anachipeza atayesa zinthu zikwizikwi. Ulendo umodzi upatsa magawo ngati 15 okha pa 100, ndiwo ochepa ndithu. Koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Amoniyayo amziziritsa, nasanduka wamadzi, namchotsa, ndipo mpweya wotsala aubweza kumoto, kotero kuti mbali yomanga ikhala ili kuthamangira kudzaza malo a chochotsedwa, ndipo pomaliza pafupifupi mpweya wonse usanduka amoniya.

Carl Bosch wa kampani ya BASF ndiye anasenza mtolo wokulitsa ntchitoyi. Haidirojeni wotentha anali kudya kaboni wa m'chitsulo cholimba mpaka mipope kuphulika, ndipo iye anayala chitsulo chofewa m'kati, naboola timabowo m'chakunja kuti haidirojeni wodutsa athawe. Fakitale ya kampaniyo ku Oppau inatsegulidwa mu 1913, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka chaka chotsatira, amoniya wake anatumikira wonga wa mfuti kuposa minda. Haber analandira mphotho ya Nobel ya 1918 ena ali kudandaula, pokumbukira mpweya wakupha umene anatsogolera ku Ypres mu 1915. Bosch analandira yake mu 1931.