Chifukwa chake mijigo ina imauma kwa Kawinga

Mjigo wina umatulutsa madzi chaka chonse, pamene wina wokumbidwa chapafupi pomwepo umauma dzuwa la mu Okutobala likafika. Zoterezi si zachilendo m'maboma a Machinga ndi Balaka, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chili m'mbiri ya miyala ya pansi pa nthaka.

Thanthwe lomwe layala pansi pa dera lalikulu la chigawo chakummwera ndi mwala wamizeremizere umene akatswiri amautcha gneiss. Mwalawu udaphikika ndi kutentha komanso kupanikizika zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, pomwe zigawo za dziko lapansi zidagundana n'kupanga chimtunda chimodzi chotchedwa Gondwana. M'chimtundacho mudali Africa, India, South America, Australia ndi Antarctica. Kugundanako kudatukula mapiri aatali, koma mvula ndi mphepo zidawaperesa mpaka kutsala mizu yake yokha. Mizuyo ndiyo thanthwe lomwe anthu akulima pamwamba pake lero.

Mapiri ooneka kwa Kawinga ndi madera oyandikana nawo, monga Chikala, Chaone ndi Mongolowe, ndi a m'badwo wina. Adabadwa zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, Gondwana ikugawikana, pomwe mwala wosungunuka udakwera m'ming'alu ya thanthwe lakale lija n'kuuma. Phiri la Kangankunde ku Balaka, lomwe lili ndi miyala yamtengo wapatali yosowa, ndi la banja lomweli. Katswiri Frank Dixey ndi anzake adalemba za miyala ya banjali mu 1937. Pambuyo pake nthaka idang'ambikanso ndi kutitimira, n'kupanga chigwa chomwe mukuyenda mtsinje wa Shire.

Apa ndi pomwe pagona nkhani ya madzi. Gneiss wolimba samwa madzi monga umachitira mchenga. Madzi amasungika m'ming'alu yomwe kugwedezeka konseku kudasiya, komanso m'mwala wofumbutuka wa pamwamba pa thanthwe. Mjigo ukalasa mng'alu waukulu umapeza madzi okwanira, koma ukauphonya, ndalama za chitukuko zimapita pachabe ndipo amayi amabwerera kuzitsime zosatetezeka.

N'chifukwa chake kuyeza malo asanayambe kukumba n'kofunika kuposa kusankha malo pongoona kuti ali pafupi ndi msewu kapena ndi nyumba ya mfumu.