Zidole za ana, madandaulo a akulu

Pa 10 Novembala 2025, pulogalamu ya ana ya Sesame Street inayamba sizoni yake ya 56, ndipo ulendo uno zigawo zatsopano zinatulukira pa Netflix. Tsikuli ndi lomwelo limene pulogalamuyi inaonekera koyamba ku America mu 1969. Ngati dzinalo ndi lachilendo kwa inu, nkhope za eni ake mukuzidziwa ndithu. Pitani pa kaunjika ku Limbe kapena mumsika wa Lilongwe, muvundukule mulu wa zovala za ana. Simuchedwa kupeza kamalaya kojambulidwa kachilombo kofiira, ka maso otong'oka ndi mphuno ya mtundu wa lalanje. Ameneyo ndi Elmo. Wabuluu wokonda mabisiketi uja ndi Cookie Monster, ndipo chimbalame chachikasu chija ndi Big Bird.

Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa ana a sukulu ya mkaka, choncho nkhani za pulogalamuyi ndimazitsatira kwambiri. Sizoni yatsopano ikangotuluka, pamasamba a mchezo pamadzaza phokoso. Ena amayamikira, ena amadandaula, ena mpaka kulumbira kuti sadzaoneranso. Koma taonani amene akulankhulawo. Mwana wa zaka zitatu, yemwe ndiye mwini pulogalamu, salemba pa Facebook. Olembawo ndi abambo ndi amayi a zaka 30 kapena 40, ena ndi agogo a zidzukulu, anthu amene anaphunzira zilembo ndi manambala atakhala pansi patsogolo pa kanema akumvera zidole zomwezi.

Ulendo uno chodandaula chinalipo chachikulu. Kwa zaka zambiri Sesame Street inkayenda m'tizidutswa: kankhani ka pamsewu, kenaka kanyimbo ka chilembo cha tsikulo, kenaka katuni ya nambala, kenaka Bert ndi Ernie akukangana m'chipinda mwawo, n'kubwereranso pamsewu. Mu 2023 bungwe la Sesame Workshop, lomwe limakonza pulogalamuyi, linalengeza kuti kachitidwe kameneka kadzatha pofika sizoni ya 56. Tsopano chigawo chilichonse chimatsamira pa nkhani imodzi ya mphindi pafupifupi 11, yotsogozedwa ndi zidole zochepa, makamaka Elmo, Cookie Monster, Abby Cadabby ndi Grover. Awonjezeranso katuni yatsopano yotchedwa Tales from 123, yoonetsa za m'kati mwa nyumba yotchuka ya pamsewupo. Otsatira akale ambiri anamva ngati alandidwa kanthu. Nanga Bert ndi Ernie, nanga Count wowerenga manambala uja, nanga Oscar wa m'bini, aziwaona kangati? Ena anadandaula kuti pulogalamuyi yayamba kufanana ndi makatuni ena onse a ana amene adzaza pa intaneti.

Madandaulo onsewa ndimawamva, koma ndikawaika pa sikelo salemera mofanana.

Tiyambe ndi tizidutswa tija. Amene anayambitsa pulogalamuyi, Joan Ganz Cooney ndi Lloyd Morrisett, anayamba kukambirana za iyo mu 1966. Chimene chinkawachititsa chidwi n'chakuti ana ang'onoang'ono ankaloweza nyimbo zotsatsa malonda pa kanema, ngakhale za mowa, popanda wowaphunzitsa. Ngati kanema angathe kutero, angalephere bwanji kuphunzitsa mwana chilembo A ndi nambala 3? Tizidutswa tifupitifupi tinachokera pamenepo, totengera malonda a pa kanema wa nthawi imeneyo. Inali njira yofikira mwana wa 1969. Mwana wa lero wakula ndi foni m'manja ndipo wazolowera kutsatira nkhani kuchokera poyambira mpaka pothera. Kukakamira njira yakale chifukwa choti ndi imene inatilera ife sikumuthandiza iye.

Pali mbiri ina imene ndimafuna wodandaula aliyense ataidziwa. Pulogalamuyi isanayambe kuulutsidwa, ofufuza a bungweli motsogozedwa ndi Edward Palmer ankaikira ana kanema, ndipo pambali pake ankaika makina ena oonetsa zithunzi zosinthasintha pakangopita masekondi ochepa. Iwo ankakhala phee kuyang'ana maso a mwana kuti aone pamene achoke pa kanema n'kupita pa zithunzi zam'mbalizo. Akatswiri anali atalangiza kuti anthu enieni ndi zidole asaonekere pamodzi, poopa kuti mwana asokoneza zenizeni ndi zongopeka. Koma poyesa zinaoneka kuti zidole zopangidwa ndi Jim Henson zikachoka n'kutsala anthu okhaokha pamsewu, maso a ana ankathawa. Okonza anasiya malangizo a akatswiri n'kutsatira maso a anawo, ndipo ndi mmene Big Bird ndi Oscar anapezekera pamsewu akucheza ndi anthu. Zimene akulu akuziteteza lerozi zinabadwa tsiku limene akulu ena anagonjera ana.

M'kalasi mwanga ndimaziona ndi maso. Masiku ena ndimatsamiritsa foni pa mpando, ana n'kuunjikana pamkeka. Chingerezi cha Elmo sachimva chonse, koma iye akafunsa funso, kamtsikana kena kamamuyankha mokweza m'Chichewa, kenaka n'kucheukira anzake kuti kaone ngati amva. Nyimbo ikatha onse amakuwa pamodzi, "Madamu, bwerezani!" Palibe mwa iwo amene akudziwa kuti mu 2016 chisa cha Big Bird anachikweza mumtengo, kapena kuti munthu woyankhula mawu a Elmo anasintha zaka zapitazo. Zimene zinasowetsa akulu tulo, kwa iwo kulibe. Mu 2005, okonza atayamba kuphunzitsa za kadyedwe kabwino, Cookie Monster anauzidwa kuti mabisiketi si chakudya cha nthawi zonse. Mphekesera inafala kuti amusintha dzina ndipo azingodya ndiwo zamasamba, anthu n'kulemba makalata aukali. Sizinali zoona. Mpaka lero akumwaza nyenyeswa za mabisiketi monga kale.

Komabe sindinganene kuti akuluwa ndi ongolongolola chabe. Chidole si katuni, m'kati mwake muli munthu. Big Bird ndi wotalika mamita pafupifupi 2.5, ndipo womuyendetsa amalowa thupi lonse m'kati mwa nthengazo. Dzanja lamanja amaliimika m'mwamba kupitirira mutu wake, kudutsa m'khosi la mbalameyo, kuti azitsegula ndi kutseka mlomo, ndipo kachala kakang'ono ndiko kamayendetsa zikope. Dzanja lamanzere lili m'phiko lamanzere, pamene phiko linalo limakokedwa ndi kachingwe kopyapyala. Kunja saona. Amayang'ana kakanema kakang'ono komangidwa pachifuwa pake, ndipo ndi mmene amadziwira kumene mwana woyankhula naye waima. Caroll Spinney anagwira ntchito imeneyi kuyambira 1969 mpaka 2018, ndipo Oscar ankamuyendetsanso ndi iye yemweyo. Khutu limene lamva mawu amodzi kwa zaka zochuluka chonchi silingalephere kuzindikira akasintha. Wolowa m'malo mwake, Matt Vogel, anayamba kuphunzira pambali pake mu 1996, zaka zoposa 20 asanasiyiridwe udindo wonse. Kusamala kotereku, mbali ina, kumabwera chifukwa okonza amadziwa kuti kunja kuno kuli anthu amene akumvetsera ndi mtima wonse.

Madandaulo amene ine ndimaima nawo popanda kukayika anamveka kwambiri mu 2015 ndi 2016. Nthawi imeneyo Sesame Workshop inali pa mavuto a zachuma, chifukwa ndalama zambiri inkazipeza pogulitsa ma DVD ndi katundu wa zidolezi, ndipo malonda a ma DVD anali atalowa pansi. Inagwirizana ndi HBO, wailesi ya kanema yolipira. Ndalama za HBO zinakweza zigawo zatsopano kuchoka pa 18 kufika pa 35 pachaka, koma chigawo chinafupikitsidwa kuchoka pa ola lathunthu kufika pa mphindi 30. Chimene chinawawa kwambiri ndi ichi: zigawo zatsopano zinkayamba kuonekera kwa olipira HBO, ndipo wailesi yaulere ya PBS inkazilandira patapita miyezi 9.

Oikira kumbuyo mgwirizanowu ankati mwana wa zaka zitatu sadziwa ngati chigawo n'chatsopano, chilembo B cha mu Januwale ndi chomwecho mu Okutobala, ndipo popanda ndalamazo mwina pulogalamu ikadafa. Zonsezi n'zomveka. Koma Sesame Street anaipangira mwana wa m'banja losauka, amene makolo ake sakadatha kumulipirira sukulu ya mkaka. N'chifukwa chake msewu wake ndi wa m'dera la anthu wamba mumzinda wonga New York, wokhala ndi bini ya zinyalala pakhomo. Mu 2015 momwemo akatswiri awiri a zachuma, Melissa Kearney ndi Phillip Levine, anatulutsa kafukufuku woonetsa kuti ana a m'madera momwe pulogalamuyi inkagwira bwino pa kanema m'zaka zoyambirira sankatsalira m'mbuyo kwambiri kusukulu poyerekeza ndi anzawo a m'madera ena, ndipo phindu linali lalikulu kwa anyamata, ana achikuda ndi ana a m'madera osauka. Kuuza mwana ameneyo kuti adikire kuli ngati kugawa phala la kusukulu kuyambira kwa ana obwera ndi kamba m'chikwama, wanjala n'kumuika kumapeto kwa mzere. Phala adya ndithu, koma waphunzirapo kanthu kena za malo ake.

Dandaulo lachiwiri linali la anthu enieni. Mu Julaye 2016 zinamveka kuti Bob McGrath, Emilio Delgado ndi Roscoe Orman, odziwika pamsewupo monga Bob, Luis ndi Gordon, sakhalanso m'gulu la osewera a nthawi zonse. McGrath analipo kuyambira tsiku loyamba, Delgado kuyambira 1971, Orman kuyambira 1974. Mkwiyo wa otsatira unakula mpaka mkulu wa bungweli pa nthawiyo, Jeffrey Dunn, anapepesa poyera. Atatuwa anadzaonekeranso mu pulogalamu yapadera yokondwerera zaka 50 mu 2019, ndipo Delgado ndi McGrath onse anamwalira mu 2022.

Apa akulu odandaulawo anali kuteteza chinthu chimene mwana sangathe kuchitchula koma amachifuna. Zidole za pamsewupo ndi ana: Elmo ali ndi zaka zitatu ndi theka, Big Bird zisanu ndi chimodzi. Mwana amafunika kuona wamkulu amene amagwada n'kumumvetsera. Will Lee, yemwe ankasewera Mr. Hooper mwini golosale, atamwalira mu Disembala 1982, okonza sanabweretse wina wovala epuloni yake, ndiponso sananame kuti wapita ulendo. Mu Novembala 1983 anaonetsa chigawo chimene anthu a pamsewupo anazungulira Big Bird, amene ananyamula chithunzi chimene anamujambulira mnzakeyo, n'kumufotokozera kuti munthu akamwalira sabwereranso. Misozi ya osewerawo inali yeniyeni. Ife amene timakonda kuuza mwana pamaliro kuti agogo apita kutali, chigawo chimenechi chimatipatsa zoganiza. Zidole zokhazokha sizikadatha kuchisenza. Nkhope za anthuwo zinalinso phunziro pazokha: mu 1970 akuluakulu a wailesi ya boma ku Mississippi anakana kuonetsa pulogalamuyi chifukwa azungu ndi anthu akuda ankakhala limodzi monga anansi, ndipo anabweza chigamulocho patangopita masabata ochepa nkhani itatuluka m'manyuzipepala.

Abale athu okhala ku Joni ana awo akula ndi Takalani Sesame, mphukira ya pulogalamuyi imene inayamba ku South Africa mu 2000. Mu 2002 anabweretsamo Kami, chidole cha kamtsikana ka zaka zisanu kokhala ndi HIV, kamene mayi ake anamwalira ndi Edzi. Phokoso lalikulu silinachokere kwa ana a ku Soweto, amene ambiri nkhani yotere ankaidziwa kale pakhomo pawo. Linachokera kwa aphungu ena a ku America, amene analembera PBS kalata yoti Kami asaonekere kwawo, chonsecho sanamupangire kumeneko. Chaka chotsatira bungwe la UNICEF linasankha Kami kukhala woyankhulira ana.

Kusamukira ku Netflix kunabwera pambuyo pa miyezi ya nkhawa. Mu Disembala 2024 kampani ya Warner Bros. Discovery, eni ake a HBO, inanena kuti sipitiriza kugula zigawo zatsopano, ndipo kumayambiriro kwa 2025 Sesame Workshop inachotsa antchito ena. Mgwirizano ndi Netflix utalengezedwa mu Meyi 2025, mfundo imene anthu anaiombera m'manja kwambiri inali yakuti PBS izionetsa zigawo zatsopano tsiku lomwelo. Miyezi 9 ija inatha. Anthu amene anakhala akudandaula za iyo kwa zaka pafupifupi khumi anamveka, ndipo ine ndinakondwa nawo.

Chimwemwecho sichinachedwe kusakanikirana ndi nkhawa ina. Mu Julaye 2025 aphungu a ku America anabweza ndalama pafupifupi madola 1.1 biliyoni zimene zinkayenera kupita ku Corporation for Public Broadcasting, bungwe lothandiza mawailesi aulere, ndipo bungweli linalengeza kuti litseka. Amene amadalira kwambiri ndalamazo anali mawailesi ang'onoang'ono a kumidzi, komwenso intaneti ndi yovuta. Kwathu kuno vutoli si lachilendo. Kuti mwana aonere sizoni ya 56 pa Netflix pafunika khadi yolipirira mwezi ndi mwezi, bandulo yokwanira ndi magetsi osathimathima, moti ana a m'kalasi mwanga amakumana ndi Elmo m'tizidutswa ta pa YouTube, pa foni yanga, bandulo ikakhalapo. Sizoni ya 57 ikadzatuluka ndidzawerenga ndithu zimene anthu adzanene za Bert ndi Ernie, koma ndidzayamba ndafufuza kuti ndi mawailesi angati a kumidzi ya ku America amene adzakhale akuulutsabe, ndiponso ndi anthu enieni angati amene adzatsale pamsewupo.