Mkangano wa Blantyre ndi Lilongwe pa bwalo la Bingu

LILONGWE — Bwalo la zamasewero la Bingu, lomwe linatsegulidwa mu Januwale 2017, linasamutsidwa kawiri lisanamangidwe n'komwe. Poyamba boma la Malawi linakonza zolimanga ku Lilongwe ndi ngongole yochokera ku China, koma Pulezidenti Bingu wa Mutharika analamula kuti likamangidwe ku Blantyre. Iye atamwalira mu 2012, boma la Joyce Banda linabwezera ntchitoyi ku likulu.

Ofuna Blantyre ankati kumeneko ndiko kwawo kwa matimu a Bullets ndi Wanderers, omwe ali ndi owatsatira ochuluka. Enawo ankati Lilongwe ili pakati pa dziko, kotero anthu akumpoto angafikeko mosavuta. Bwaloli, lomwe mumalowa anthu oposa 40,000, linamangidwa ku Area 48, ndipo Blantyre inatsala ndi bwalo lakale la Kamuzu.