Kukonza Zapansi pa Galimoto Yakale Ndalama Zili Zochepa

Mwini Toyota Corolla yakale yoyenda tsiku ndi tsiku ndimamulangiza kuti ayambire pa mabushi. Ndi otsika mtengo, ndipo akatha, kawirikawiri ndiwo amachititsa kugogoda kwa pansi. Kenaka ayese ma shock absorber pokanikiza ngodya ya galimoto n'kuisiya. Ikanjanja kangapo, kapena akamatuluka mafuta, ndiye kuti atha. Otere amatalikitsa mtunda umene galimoto imaimira pomanga mabuleki, komanso amadyetsa matayala mosalingana.

Ndalama zikaperewera, agule awiri akutsogolo kapena awiri akumbuyo, osati imodzi, kuti mbali zonse zigwire msewu mofanana pokhota. Masipuling'i aafupi sindiwavomereza chifukwa amatsitsa galimoto, mimba yake n'kumakhula pa mabampu. Pomaliza, makaniko awongole mawilo. Kupanda kutero, matayala sachedwa kutha.