Satifiketi ya Chaka Chimodzi, Ngongole ya Zaka 10

Ku America, wodwala asanaonane ndi dokotala amayamba wadutsa m'manja mwa munthu wina. Munthuyo amamuyeza BP ndi kutentha kwa thupi, kumukweza pa sikelo, n'kulemba zonse mu kompyuta. Nthawi zina ndi yemweyonso amatenga magazi, kubaya jakisoni dokotala akalamula, kuyankha foni ndi kukonza tsiku loti wodwala adzabwerenso. Ameneyu ndiye medical assistant wa kumeneko. Ndi wosiyana ndi wa ku Malawi amene amapima odwala ndi kulemba mankhwala pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Wa ku America salemba mankhwala.

Ntchitoyi imakopa anthu chifukwa sichedwa kuphunzira. Satifiketi yake imatha m'miyezi 9 mpaka 12, ndipo malo antchito ndi ambiri. Nthambi ya boma yoona za chiwerengero cha ntchito, Bureau of Labor Statistics, inapeza kuti mu 2023 malipiro apakatikati a ntchitoyi anali madola 42,000 pa chaka, kapena kuti madola 20 pa ola. Kwa wowerengera m'makwacha ndalamayi ndi yochititsa kaso, koma kumeneko ndi yochepa. Chaka chomwecho, munthu wa zaka 25 kapena kuposa amene anangomaliza sekondale n'kumagwira ntchito tsiku lathunthu ankalandira madola 899 pa sabata, omwe pa chaka amapitirira 46,000. Tsono wongoyamba kumene ntchito ya medical assistant nthawi zambiri safika n'komwe pa 42,000 paja.

Apa ndiye pagona nkhani. Malipiro a ntchitoyi sasiyana kwambiri kaya munthu waphunzira kuti, koma fizi ndiye imasiyana kutalitali. Ku California, makoleji a boma a zaka ziwiri amalipiritsa nzika za m'chigawocho madola 46 pa yuniti imodzi ya maphunziro, moti kosi ya mayuniti 30 siifika madola 1,400. Sukulu zambiri zoyendetsedwa ngati bizinesi zimalipiritsa kosi yofananayo madola opitirira 10,000. Zimakokera anthu ndi makalasi a madzulo, kulemba ophunzira nthawi iliyonse ya chaka, ndi antchito okoma pakamwa amene amathandiza kulemba mafomu a ngongole tsiku lomwelo.

Boma limathandiza m'njira ziwiri. Pali Pell Grant, ndalama yosabweza ya ophunzira ochokera m'mabanja osauka, imene m'chaka cha maphunziro cha 2024-25 inkalekezera pa madola 7,395. Ikapanda kukwanira, pamabwera ngongole. Wophunzira wodziimira payekha amaloledwa kukongola ku boma mpaka madola 9,500 m'chaka choyamba, ndipo chiwongoladzanja chake mu 2024-25 chinali 6.53 peresenti.

Masamu ake ndi awa. Wokongola madola 9,500 n'kumabweza kwa zaka 10 amapereka pafupifupi madola 108 pa mwezi, ndipo pomaliza amakhala atatulutsa pafupifupi 13,000. Kwa wolandira 42,000 pa chaka, katunduyu ndi wonyamulika. Koma ngongole ikakwera kufika pa 20,000, chifukwa chowonjezera ya ku banki kapena ya lendi ndi chakudya, pa chiwongoladzanja chomwecho amafunika madola 227 mwezi uliwonse. Ngati ntchito yapezeka ya maola ochepa yongopatsa 25,000 pa chaka, ngongole yokha imadya pafupifupi 11 peresenti ya malipiro msonkho usanadulidwe. Ndipo ku America ngongole ya sukulu ndi yovuta kuifafaniza ngakhale munthu atakalengeza ku khoti kuti chuma chamuthera.

Anthu ambiri anapsa nazo. Kampani ya Corinthian Colleges, mwini wa sukulu za Everest ndi Heald kumene ambiri ankaphunzira kosi imeneyi, inagwa mu 2015. Chaka chomwecho unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ilipire chindapusa cha madola pafupifupi 30 miliyoni chifukwa sukulu za Heald zinkanama pa chiwerengero cha ophunzira opeza ntchito. Ophunzira ambiri anadikira mpaka 2022 pamene boma linafafaniza ngongole za madola 5.8 biliyoni za anthu 560,000.

Pofuna kutseka mpata woterewu, boma linakhazikitsa lamulo lotchedwa gainful employment. Linakonzedwa mu 2014, linachotsedwa mu 2019, kenako linabwereranso mu 2023 litakhwimitsidwa. Mu lamulo la 2023 miyeso inali iwiri. Woyamba, ndalama zobweza ngongole pa chaka zisapitirire 8 peresenti ya malipiro a omaliza kosiyo, kapena 20 peresenti ya zotsala akachotsa zofunika pa moyo. Wachiwiri, omaliza kosi azilandira zoposa anzawo a m'chigawo chomwecho amene analekera ku sekondale. Kosi yolephera kawiri pa zaka zitatu inkayenera kulandidwa mwayi wa ndalama za boma.

Wofuna kulembetsa akhoza kuyesa sukulu ndi miyeso yomweyi asanasaine chilichonse. Tsamba la boma la College Scorecard, kuyambira 2019, limaonetsa ngongole ndi malipiro a omaliza kosi zosiyanasiyana pa sukulu iliyonse payokha. Chinanso choyenera kufunsa ndi chakuti kosiyo ndi yovomerezedwa ndi bungwe la CAAHEP kapena ABHES, popeza imeneyi ndiyo njira yodziwika yolembera mayeso a CMA, otsimikizira luso la medical assistant, amene olemba ntchito ambiri amawafuna.

M'zigawo zambiri za America lamulo silikakamiza medical assistant kukhala ndi satifiketi ya ku koleji. N'chifukwa chake zipatala zina zimalemba anthu omaliza sekondale n'kuwaphunzitsa pantchito pomwepo, akulandira malipiro, kenako n'kuwatumiza kukalemba mayeso.